MANGAWA ATHU KWA MBIRA NDI MBEWA

1. Funso lake

Kwathu kuno ku Mitundu ndi ku Nathenje palibe munthu wosadziwa mbira. Sindinena mbira ya m'mapiri ija imaothera dzuwa pamiyala ayi, ndinena mbira ya pakhomo, kanyama kopanda mchira kamene ana amaweta m'khitchini kapena m'kakhola kuseri kwa nyumba. Kanyama kameneka nkobwera m'dziko muno. Kwawo kwenikweni ndi ku mapiri a Andes ku South America, m'maiko monga Peru ndi Bolivia, kumene anthu adayamba kukaweta kalekale. Kumeneko amakadyera ndiwo, monga tichitira ife.

Mbewanso tizidziwa bwino. Zokolola zikalowa m'nkhokwe, anyamata amatenga makasu kunka kuminda kukakumba akapuku, aphanya ndi akapeta. Aliyense woyenda pa mseu wochokera ku Lilongwe kunka ku Dedza amaona mipani ya mbewa ilikuimikidwa m'mbali mwa mseu.

Koma pali chinthu china chimene ambiri a ife sitidachimve. M'maiko ambiri muli nyumba zofufuziramo matenda, dzina lake malabotale. M'nyumba zimenezi amasunga mbira, mbewa zoyera ndi makoswe oyera m'timakola ting'onoting'ono. Nyama zimenezi saziwetera ndiwo. Amaziweta kuti ayeserepo mankhwala atsopano asanawapereke kwa anthu. Kawirikawiri amazipatsa nthenda mwadala, napenyetsetsa m'mene nthendayo iyendera m'thupi. Ndipo ntchito ikatha, zambiri amazipha.

Tsono funso limene tifuna kulisinkhasinkha m'kabuku kano nali: Kodi nkoyenera munthu kuchita zotere ndi cholengedwa chinzake? Ndipo ngati nkoyenera, kodi tili nacho mangawa otani?

Wina angati, "Zimenezo nza kutali, sizitikhudza." Zitikhudza ndithu. Pafupi ndi Mitundu pali sukulu ya ukachenjede ya Bunda, imene idakhala mbali ya Yunivesite ya Malawi mu 1967, ndipo kuyambira 2012 ili pansi pa yunivesite ya za ulimi ya LUANAR. Yunivesite imeneyi imaphunzitsa za kaweteredwe ka nyama ndi udokotala wa ziweto. Ana amene lero alikuphunzira kulemba m'sukulu za kumidzi kuno, ena a iwo mawa adzavala malaya oyera, nadzagwira nyama zotere ndi manja awo. Mtima umene adzazigwira nawo adzakhala atautenga kwa ife makolo.

2. Zimene nyamazi zidatichitira

Tiyeni tiyambe tawerenga mangawa athu.

Nthenda ya chifuwa chachikulu idatha anthu ambirimbiri pa dziko lapansi, ndipo m'midzi mwathu muno idasiyamo manda. Kale palibe adadziwa chimene chimaiyambitsa. Pa 24 March 1882 dokotala wina wa ku Germany, dzina lake Robert Koch, adalengeza mu mzinda wa Berlin kuti wapeza kachilombo kake. Kuti atsimikize, adatenga kachilomboko nakalowetsa m'matupi a mbira, ndipo mbirazo zidadwala nthenda yomweyo. Nchifukwa chake kufikira lero tsiku la 24 March ndilo tsiku lokumbukira nthenda imeneyi pa dziko lonse. Pambuyo pake, mu 1944, madokotala awiri a ku America, William Feldman ndi Corwin Hinshaw, adayesa mankhwala a streptomycin pa mbira zodwala chifuwa chachikulu. Ataona kuti nthendayo ilikugonja, ndipo adayamba kuwapatsa anthu. Awa ndiwo mankhwala oyamba amene adaithadi nthendayi.

Mankhwala a penisilini nawonso adadzera njira yomweyo. Pa 25 May 1940, ku Oxford ku England, Howard Florey ndi anzake adatenga mbewa 8 nazilowetsa tizilombo toopsa. Mbewa 4 adazipatsa penisilini, zina 4 adazisiya. Kutacha m'mawa, zosalandira mankhwala zija zidapezeka zitafa zonse, koma zolandira zidali zamoyo. Munthu aliyense amene adachirapo chibayo kapena bala lotukusira chifukwa cha jekeseni wa penisilini, adziwe kuti pakhomo pamene adadzerapo padayamba padzera mbewa.

Palinso nthenda ina imene inkapha amalinyero pa maulendo aatali a panyanja. Nkhama zinkatupa ndi kutuluka magazi, mano nkumagwedera, thupi nkufooka. Mu 1907 anthu awiri a ku Norway, Axel Holst ndi Theodor Frølich, adadyetsa mbira zakudya zouma zokhazokha, ndipo zidadwala nthenda yomweyo. Atazipatsa kabichi ndi zina zaziwisi, zidachira. Apa mpamene padayambira njira yopezera chimene lero titcha vitamini C. Nyama zambiri zimadzipangira vitamini ameneyu m'thupi mwawo, koma munthu ndi mbira sangathe. Ayenera kumpeza m'zipatso ndi m'masamba. Pamene azaumoyo atiuza kuti ana adye malalanje, magwafa ndi ndiwo zamasamba, mbali ina ya nzeru imeneyo idachokera kwa mbira.

Onani tsono, abale anga, kuti mangawa athu ndi aakulu.

3. Kodi nkoyenera?

Pa funso ili anthu amagawikana. Ena amati nyama ndi nyama, zidaikidwa m'manja mwa munthu, ndipo munthu angachite nazo chimene afuna. Ena amati munthu alibe chilolezo konse chodwalitsa cholengedwa chosalakwa chifukwa cha phindu lake, ngakhale phindulo likule bwanji. Magulu onse awiri ali ndi anthu anzeru, ndipo tisafulumire kuseka gulu lililonse.

Taganizani za ng'ombe zokoka ngolo, zimene timaziona tsiku ndi tsiku zilikunka ku msika wa Mitundu zitasenza chimanga, mtedza kapena fodya. Palibe amene amati mwini ngolo walakwa pomanga ng'ombe m'goli. Koma akaisenzetsa katundu woposa mphamvu yake, akaikwapula pachilonda, akaimana madzi dzuwa lili paliwombo, anthu apanjira amagwedeza mitu, nanena kuti, "Munthu uyu alibe umunthu." Mlenje wabwinonso samana galu wake gawo la nyama imene waigwira. Kotero makolo athu adadziwa kale kuti kugwiritsa nyama ntchito nkololedwa, koma kuti ntchitoyo idza ndi mangawa.

Komabe tinene zoona: mbira ya m'labotale siili ngati ng'ombe ya ngolo. Ng'ombe ikatha ntchito imamasulidwa, nikadya msipu kudambo pamodzi ndi zinzake. Mbira ija imapatsidwa nthenda imene sikadadwala, ndipo mankhwala akapezeka opindula ndife. Iyo sidafunsidwe, ndipo singakane. Amene amati nkulakwa kutero, pamenepa mawu awo ali ndi mphamvu.

Nanga tingayankhe bwanji? Maganizo anga ndi awa. Mayi amene mwana wake alikupuma movutika ndi chibayo, mutamfunsa kuti asankhe pakati pa moyo wa mwanayo ndi moyo wa mbewa, adzasankha mwana, ndipo palibe angamdzudzule. Moyo wa munthu ulemera koposa. Ndiponso mankhwala osayesedwa angathe kupha anthu ambiri. Chifukwa chake ndivomera kuti pamene palibe njira ina, nkololedwa kuyesa pa nyama. Koma chilolezo chimenechi nchopapatiza. Chilola kupweteka kokhako kumene sikungapeweke. Kupweteka kwina kulikonse, kobwera chifukwa cha ulesi, umbombo kapena kusasamala, nkulakwa kwathu, ndipo sitingabisale kuseri kwa mwana wodwala uja.

Wina adzaseka nadzati, "Aphunzitsi, ife timadya mbewa chaka ndi chaka, lero tizimvere chisoni bwanji?" Yankho lake nlakuti kupha ndi kuzunza ndi zinthu ziwiri. Mbewa ya kumunda idakhala moyo wa mbewa kufikira tsiku lake lotsiriza. Idakumba una wake, idatuta masa, idayenda usiku, idalera ana. Koma mbewa ya m'labotale imabadwira m'bokosi nifera m'bokosi. Chakudya chake, tulo take, kufunda kwake, ngakhale mnzake wogona naye, zonse zichokera m'dzanja la munthu. Singathawe kutentha, singasamuke pakakhala phokoso. Ndipo lamulo la umunthu nlakuti, pamene mphamvu yako pa wina ikula, udindo wako pa iye ukulanso. Mfumu imafunsidwa za anthu a m'mudzi mwake, siifunsidwa za alendo ongodutsa.

4. Malangizo atatu

Maiko ena adayamba kale kulingalira zimenezi. Ku Britain adakhazikitsa lamulo loyang'anira zoyesa pa nyama mu 1876, nalikonzanso mu 1986. Mu 1959 anthu awiri a kumeneko, William Russell ndi Rex Burch, adapereka malangizo atatu amene lero atsatidwa m'maiko ambiri.

Loyamba nlakuti, ngati pali njira ina yopezera yankho popanda nyama yamoyo, tsata njira imeneyo. Masiku ano zinthu zambiri amaziyesa pa tizidutswa ta thupi tomeretsedwa m'mbale zagalasi, ndipo zina amaziwerengera pa kompyuta.

Lachiwiri nlakuti, ngati nyama ifunikadi, tenga zochepa monga kungathekere. Munthu ayambe wakhala pansi nakonza ntchito yake bwino, kuti asaononge miyoyo pachabe ndi kuyesa kobwerezabwereza.

Lachitatu nlakuti, nyama imene watengayo uichepetsere kuvutika masiku onse a moyo wake. Ipatse mankhwala oletsa ululu poichita opareshoni, usaisiye ilikuvutika pamene yankho lapezeka kale, ndipo uimangire nyumba yoyenera mtundu wake. Pa nyumba imeneyi tiyeni tikhalitsepo pang'ono, pakuti nyama imakhala pa tebulo loyesera nthawi yochepa, koma m'khola imakhalamo moyo wake wonse.

5. Nyumba yoyenera

Kuti tidziwe chimene nyama ifuna, tiyenera kuyamba tafunsa kuti idalengedwa motani.

Mbira ndi nyama yokhala m'gulu. Ikakhala yokha imasungulumwa ndi kufooka. Ku Switzerland, kuyambira 2008, lamulo silola munthu kuweta mbira imodzi yokha. Chifukwa chake chinthu choyamba m'khola la mbira ndicho mbira inzake.

Mbira ndi nyama yamantha, chifukwa kuthengo adani ake ndi ambiri ndipo ilibe chida chodzitetezera. Ikamva phokoso ladzidzidzi imauma thupi osagwedezeka, kapena zonse zimathamanga balalabalala nkumapondana. Motero ifuna pobisala, monga kabokosi kapena kamphika kogoneka chammbali, kuti ikaopa ilowemo. Khola lopanda pobisala lili ngati kugona pabwalo usiku fisi alikulira pafupi.

Mapazi a mbira ndi ofewa. Ikamaponda pa waya masiku onse imatuluka zilonda kuphazi. Pansi pa khola payenera kukhala posalala, poyala udzu wouma, ndipo udzuwo uzichotsedwa ukanyowa. Mano ake amakula moyo wake wonse, kotero ifuna udzu wambiri wotafuna kuti manowo azipereseka. Ikausowa, mano amatalika kufikira italephera kudya. Ifunanso masamba aawisi tsiku ndi tsiku chifukwa cha vitamini uja tanena, pamodzi ndi madzi oyera. Kutentha kwakukulu imakulephera, pakuti kwawo ndi kumapiri kozizira. Msoti umakhala ndi bere miyezi iwiri ndi masiku pang'ono, ndipo ana amabadwa ali ndi ubweya, maso ali otseguka, nayamba kuyenda tsiku lomwelo. Chifukwa chake khola lisapanikize.

Mbewa nayo ili ndi zofuna zake. Akulu adati, "Mbewa zikachuluka siziika masa." Mwambi umenewu unena za anthu otayirana ntchito, koma uonetsanso kuti akulu aja adaipenyetsetsa mbewa, naona kuti ntchito yake yaikulu ndiyo kuika masa. Kathupi kake nkakang'ono ndipo kamataya kufunda msanga. Akatswiri a masiku ano adapeza chomwecho: mbewa ya m'bokosi ukaipatsa timapepala tofewa imamanga chisa chozungulira, nifunda, nikhazikika mtima. Khoswe amafuna malo oimirira ndi miyendo yakumbuyo, chinthu chokwerapo, kamtengo kokukuta ndi anzake osewera nawo. Nyama zonse ziwirizi zimayenda usiku, choncho zifuna mdima wake ndi kamthunzi kogonamo usana.

Zinthu zimenezi nzotsika mtengo: udzu, kabokosi, kamtengo, mnzake. Chosowa chachikulu ndicho munthu woganizira.

6. Chifundo ndi nzeru ziyendera pamodzi

Kale ena ankaganiza kuti khola lopanda kanthu ndilo labwino pa ntchito ya sayansi, chifukwa nlosavuta kutsuka. Koma padaoneka zina. Mu 1947 mphunzitsi wina wa ku Canada, Donald Hebb, adafotokoza kuti adatenga makoswe ena a m'labotale kunka nawo kunyumba kwake, kumene ana ake adawaweta momasuka. Atawabweza nawayesa m'njira zokhotakhota zimene khoswe ayenera kupeza potulukira, makoswe oleredwa kunyumba aja adapambana anzawo okulira m'timakola. Mu 1964, ku California, mayi wina wofufuza za ubongo, Marian Diamond, pamodzi ndi anzake, adaonetsa kuti makoswe okhala pagulu, okhala ndi zoseweretsa, mbali ya kunja ya ubongo wawo imakhuthala koposa ya makoswe osungidwa okhaokha. Ndipo mu 2010, ku Liverpool, Jane Hurst ndi Rebecca West adaonetsa kuti mbewa zonyamulidwa pamchira zimakhala ndi mantha aakulu, koma zonyamulidwa m'kampope kapena pachikhatho zimazolowera munthu.

Phunziro lake nlotani? Nyama yamantha, yozizidwa kapena yosungulumwa, thupi lake siliyenda bwino. Mtima umagunda msanga, tulo timasowa, ndipo mphamvu yolimbana ndi matenda imasintha. Woyesa mankhwala pa nyama yotere ali ngati wogula mbewu pa sikelo yokhota: manambala awaona, koma ndi onama. Kotero wosamala nyama zake ndiyenso amapeza yankho loona.

Komabe tisalakwitse apa. Sitichitira mbira chifundo chifukwa chokha chakuti chifundocho chitipindulira. Ngakhale pakadapanda phindu, mangawa akadakhalapobe, pakuti nyamayo imamva kuwawa. Aliyense amene adamvapo kulira kwa mbira itapondedwa safuna buku lomuuza zimenezi.

7. Bwampini wa ku Mozambique

Pali chitsanzo china pafupi ndi kwathu choonetsa kuti munthu ndi nyama yonyozeka angathe kugwirira ntchito pamodzi popanda nkhanza. Kuseri kwa mapiri a Dzalanyama kuli dziko la Mozambique. Akulu akumbukira nkhondo ya kumeneko, imene idatha mu 1992, ndi anthu ochuluka amene adathawira m'dziko lathu. Nkhondo itatha, m'minda ndi m'njira mudatsala mabomba okwirira, amene ankadula miyendo ya alimi ndi ana.

Bungwe lina lotchedwa APOPO, limene malo ake ophunzitsira ali ku Morogoro ku Tanzania, lidaphunzitsa abwampini kununkhiza mabomba amenewo. Ndiye bwampini yemwe uja timamdziwa, wa masaya onyamulira chakudya. Iye ngwopepuka, kotero bomba siliphulika akaliponda, ndipo mphuno yake njakuthwa. Akamva fungo la onga amakanda pansi, ndipo anthu amabwera kudzafukula. Pomphunzitsa sam'menya, akachita bwino amampatsa nthochi kapena mtedza. Amagwira ntchito m'mamawa dzuwa lisanatenthe, ndipo akakalamba amampumitsa nam'dyetsa kufikira atafa yekha. Abwampini amenewa adathandizana ndi magulu ena ofukula mabomba, kufikira mu September 2015 pamene dziko la Mozambique lidalengeza kuti malo onse odziwika a mabomba ayeretsedwa. Abwampini ena adaphunzitsidwa kununkhiza chifuwa chachikulu m'makhololo a odwala. Mmodzi wa ofufuza mabomba, dzina lake Magawa, amene adagwira ntchito ku Cambodia, adalandira mendulo yagolide mu 2020.

Mendulo ilibe ntchito kwa bwampini. Iye akondwera ndi nthochi. Koma ili ndi ntchito kwa ife, pakuti itikumbutsa kuti kuthokoza sikuyang'ana kukula kwa wothandiza.

8. Chiyambire pakhomo

M'dziko lathu muli lamulo lotchedwa Protection of Animals Act, loletsa kuchitira nyama nkhanza, ndipo mu mzinda wa Lilongwe muli bungwe la LSPCA lophunzitsa anthu kusamala nyama. Zimenezi nzabwino. Koma lamulo silingalowe m'khola lililonse usiku kukaona ngati muli madzi. Cholowamo ndi mtima wa woweta, ndipo mtima umenewo umaumbidwa munthu akali mwana.

Chifukwa chake ndikupemphani, inu makolo, kuti mbira za pakhomo panu zikhale sukulu yoyamba. Mwana aphunzire kuziyalira udzu wouma, kuziikira pobisala, kuzithyolera kholowa ndi udzu wauwisi, ndi kuzithirira madzi m'mawa asanapite kusukulu. Asazipatse masamba a mbatatesi, pakuti ali ndi poizoni. Asazimwetse makapisozi a anthu, chifukwa penisilini yemwe uja achiritsa munthu amatha kupha mbira. M'mwezi wa October khola likhale pamthunzi, losayandikana ndi malata otentha. Aphunzire kuinyamula ndi manja awiri, dzanja lina pachifuwa, lina kumbuyo. Ndipo tsiku lakuti mbira ikhale ndiwo likafika, iphedwe msanga ndi wamkulu wodziwa, osaisandutsa choseweretsa. Mukaona anyamata alikuzunza mbewa kapena khoswe wogwidwa kuti aseke, aletseni, nimuwauze chifukwa chake.

Mwana woleredwa motere, akadzakula nadzaima m'labotale, sadzafuna womuyang'anira kuti asinthe udzu wonyowa. Adzayamba wadzifunsa ngati nyamayo ifunikadi, adzatenga zochepa, ndipo zimene watengazo adzazisunga monga zoikizidwa. Pakuti moyo wa nyama uli ngati ngongole imene tatenga kwa wosatha kutilonjerera. Munthu woona mtima amabweza ngongole yotere ndi chisamaliro cha tsiku ndi tsiku, ngakhale mwini wake sadzabwera konse pakhomo kudzaitanitsa.